Mazira ambiri amaonongeka nkhuku isanayambe kuwafungatira

Mazira akasukusa, alimi ambiri a nkhuku m'maiko a kummwera kwa Africa amaimba mlandu tambala, thadzi kapena makina ofungatirira mazira. Koma kawirikawiri dziralo limakhala litaonongeka kale m'masiku amene linali kudikira kuti liyambe kufungatiridwa.

Dzira la nkhuku yomwe imayenda ndi tambala limaikiridwa lili kale ndi moyo. Pamwamba pa chikasu chake pamakhala kadontho koyera, ndipo kameneka ndi mluza umene unayamba kukula dziralo likadali m'mimba mwa nkhuku. Dzira likazizira, mluzawo umaleka kukula n'kumadikira. Kutentha kukapitirira madigiri 21 kapena kuposerapo pang'ono, umayambanso kukula, koma movutikira, chifukwa kuti ukule bwino umafuna madigiri pafupifupi 37.5 kosalekeza kwa masiku 21. Mluza umene umadzuka masana n'kugonanso usiku kwa sabata yathunthu umafooka, ndipo ambiri otere amafera m'chigoba.

N'chifukwa chake miyezi ya Okutobala ndi Novembala imakhala yovuta kwa alimi a ku Nsanje ndi Chikwawa m'Malawi, ku Tete m'Mozambique ndi kuchigwa cha Luangwa m'Zambia, kumene masana kutentha kumadutsa madigiri 35. Dzira losiyidwa tsiku lonse m'khola lofolera malata m'nyengo imeneyi limakhala litayamba kale kuonongeka. Mazira ofuna kufungatiritsa ayenera kutoledwa katatu kapena kanayi pa tsiku.

Malo abwino osungira ndi a madigiri 13 mpaka 18, okhala ndi chinyontho chokwanira kuti madzi a m'dzira asaume. Firiji ya m'nyumba siyenera, popeza imazizira mpaka madigiri 4 ndipo imaumitsa dzira. Kumene kulibe magetsi, mphika wadothi umathandiza: uikidwe pakona yozizira m'nyumba yofolera udzu, ukhazikidwe mumchenga wonyowa, ndipo mazirawo ayalidwe pa madeya kapena mankhusu a mpunga ouma. Chonyowa chikhale mchengawo, osati mazira.

Chimene alimi ambiri amachipeputsa ndi msinkhu wa dzira. Mpaka masiku 7 dzira losungidwa bwino silitaya mphamvu kwenikweni. Kuchokera pamenepo chiwerengero cha anapiye oswa chimatsika tsiku ndi tsiku, ndipo pakatha masabata awiri kutsikako kumaonekera kwambiri. Nkhuku yakumudzi imaikira mazira 10 mpaka 15 isanakhale pansi, kotero dzira loyamba limakhala litatha masabata awiri kapena kuposerapo pamene ikuyamba kufungatira. Nzeru ndi kulemba tsiku pa dzira lililonse ndi pensulo, kudya kapena kugulitsa oyambirirawo, n'kusiyira nkhuku atsopano. Zimenezi n'zofunika kwambiri kwa oweta nkhuku za Black Australorp, zomwe ku Malawi zimadziwika kuti za Mikolongwe, amene nthawi zambiri amasonkhanitsa mazira ake kuti awapatse nkhuku yakumudzi kuti iwafungatire.

Eni makina ang'onoang'ono amagwa m'vuto lomweli mwa njira ina. Pofuna kuti makina adzaze, amasonkhanitsa mazira kwa masabata atatu kapena kugula kwa anansi osadziwa tsiku limene anaikiridwa. Makina odzaza theka ndi mazira atsopano amapindulitsa kuposa odzaza ndi mazira akale, omwe amachedwanso kuswa ndipo anapiye ake amabadwa ofooka.

Pa thireyi, dzira liikidwe mbali yosongoka ili pansi, chifukwa kathumba ka mpweya kamene mwanapiye amayamba kupumirako kali kumbali yaikulu. Ngati mazira akhala kupitirira sabata, thireyiyo ipendekedwe potsamiritsa mbali imodzi, n'kumasintha mbaliyo tsiku lililonse kuti chikasu chisamatirire kuchigoba.

Mazira amenewa satsukidwa. Chigoba chili ndi timabowo masauzande ambiri totsekedwa ndi kakhungu kosaoneka, ndipo madzi akachotsa kakhunguko tizilombo timalowa mosavuta. Dzira lodetsedwa kwambiri ndi zitosi, long'aluka, lalikulu kapena laling'ono mopitirira muyeso, lipite kukhitchini. Mazira osankhidwawo akatuluka m'malo ozizira, asiyidwe maola angapo m'chipinda kuti afunde pang'onopang'ono, chifukwa akalowetsedwa m'makina ali ozizira amachita thukuta, ndipo chinyezi chimenecho chimalowetsa tizilombo m'timabowo ta chigoba.