Tinamuvotera Cara Black, koma makiyi anali ndi ena

Inu amene mumachita geni yokaoda katundu ku Harare mumapadziwa pa Chifunga, ngakhale ambiri mumangopaonera pawindo la basi. Ndi paja mukawoloka Shire pa Zalewa n'kulowa msewu wa ku Mwanza, pamene dzuwa la chilimwe limaomba ngati muli nalo ngongole. Ine ndinatsikapo mosafuna chakumapeto kwa chaka cha 2022, minibasi yathu itaphulika tayala, kondakitala n'kuulula kuti sipeya anaisiya ku Blantyre poti ati imadya malo a pasenjala.

Pofuna mthunzi ndinakakhala pakhonde la golosale ina. Apo ndinapeza madala ena a imvi zambuu atapanikiza mdzukulu wao, onse maso ali pafoni.

"Dina pomwepo iwe, pamene pali nkhope ya mtsikanayo. Usaphonye, bandulo yake ndagulitsira nkhuku."

Ine ndinayesa ndi zobetcha zija zatha anyamata m'matauni. Nditamva kuti akuvota, ndinafunsa: "Agogo, chisankho chake chitinso? Si tinavota kale mu 2020?"

"Khala pansi mwanawe," anatero. "Tikuvotera Cara."

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwayamba kale kufunsa kuti Cara ndiye ndaninso, ndipo sindikudabwa, chifukwa tenisi kwathu kuno timaiona ngati masewera a mabwana ovala zoyera. Cara Black ndi mayi wa ku Zimbabwe, wobadwa mu 1979 mumzinda wa Harare, nthawi imeneyo ukutchedwa Salisbury. Bambo ake, a Don Black, amene paunyamata wao anasewerako ku Wimbledon, analambula mabwalo a kapinga pakhomo pao pomwe, pakati pa mitengo ya mapeyala, n'kumaphunzitsirapo ana ao atatu: Byron, Wayne ndi chitsirizira Cara. Onse atatu anakula n'kudzatenga zikho za dziko lonse. Achimwene ake awiriwo ndi aja anagonjetsa Australia kwao komwe, ku Mildura, 3-2 pa mpikisano wa Davis Cup mu 1998.

Koma amene anapita patali zedi ndi mlongo waoyu. M'masewera a tenisi muli zikho zinayi zimene aliyense amazilota: Australian Open, French Open, Wimbledon ndi US Open. Cara anazinyamula kakhumi. Kasanu anapambana akusewera awiriawiri ndi mayi mnzake: Wimbledon mu 2004 ali ndi Rennae Stubbs, ndipo ali ndi Liezel Huber anatenga Wimbledon mu 2005 ndi 2007, Australian Open mu 2007 ndi US Open mu 2008. Kasanu kenako anapambana m'gawo lija limene mwamuna ndi mkazi amakhala mbali imodzi: kawiri ndi mlongo wake Wayne, mu 2002 ku Paris ndi mu 2004 ku Wimbledon, ndipo katatu ndi Leander Paes wa ku India, mu 2008 ndi 2010. Zikho zonse za awiriawiri za bungwe la WTA zimene anatenga ndi 60. Anakhala nambala wani wa dziko lonse m'gawo limeneli kwa masabata 163, ndiye kuti zaka zitatu ndi kanthu, ndipo pamene ankapuma mu 2015 anali amayi awiri okha, Martina Navratilova ndi Huber yemweyo, amene anakhalitsapo kuposa iye.

Madala aja zambiri mwa izi ankazidziwa pamtima, kungoti zaka ankazisokoneza. Anandiuza kuti iwo ndi tchona. Anachoka kwao ali mnyamata, Neno isanakhale boma palokha (paja inapatuka ku Mwanza mu 2003), n'kukagwira ntchito ya ugadeniboyi m'mayadi a azungu ku Harare zaka zoposa 30. Pena pamene anagwira panali bwalo la tenisi, ndipo ntchito yao inali kulisesa, kulitsendera ndi chigudumu cholemera, ndi kujambula mizere ndi laimu bwana asanadzuke. Raketi sanaigwirepo, kupatula poipukuta. Koma malamulo onse a masewerawa anawaphunzira ali chiimire kuseri kwa waya, akutola mipira. Ndipo ati tsiku lina anadzimana, nalipira pakhomo pa City Sports Centre kukaonera anyamata a kwa Black akusewera Davis Cup, ng'oma zikulira ngati kuli chinamwali.

Tsono chisankho chimene ankavotacho ndi ichi. Ku America, mumzinda wa Newport m'chigawo cha Rhode Island, kuli nyumba yotchedwa International Tennis Hall of Fame, imene inakhazikitsidwa mu 1954. Ndi nyumba yosungiramo mbiri ndi maina a akatswiri amene anapuma. Dzina lako likalowa m'menemo ndiye kuti ngakhale adzukulu a adani ako adzaliwerenga. Chaka ndi chaka amatulutsa maina a ofuna kulowa, ndipo amene amaponya voti yeniyeni ndi kagulu ka atolankhani a tenisi, olemba mbiri ya masewerawa, ndi akatswiri amene analowa kale. Kuti munthu adutse amayenera kuvomerezedwa ndi anthu 75 pa 100 alionse a m'kaguluko. Kuyambira mu 2018 eni nyumbayi anatsegulako kazenera kuti nafenso ochemerera tizivota pa intaneti. Koma mverani bwino apa: amene wapambana pa voti ya ochemerera salowa ai. Amangomuonjezera maperesenti 3 pamwamba pa zimene akuluakulu aja ampatsa. Wachiwiri amalandira 2, wachitatu 1. Basi.

Ife Amalawi amene tinaima pamizere pa 14 Juni 1993 kusankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda (ndikuti ife, koma ine ndinali kumsana kwa mayi), ndiponso amene tinaona khoti likufafaniza chisankho cha tipeksi mu 2020, timadziwa kuti voti ndi chiyani. Chisankho chimene anthu wamba a maiko onse akaunjikana amangokwana maperesenti 3, kwathu kuno tikanachitcha dzina lina.

Zinayenda bwanji? Dzina la Cara linaoneka koyamba pa mndandanda wa ofuna kulowa mu 2022. Chaka chimenecho akuluakulu sanadutsitse ndi mmodzi yemwe. Linabweranso pa mndandanda wa 2023, umene madala a pa Chifunga ankavotera tsiku lija, ndipo ochemerera anamuika Cara pa nambala wani, pamwamba pa anthu otchuka ngati Ana Ivanovic ndi Carlos Moya amene anakhalapo nambala wani posewera yekhayekha. A ku Zimbabwe anaitanizana, a m'dziko ndi obalalika kunja omwe, mpaka mau anafika pakhonde la golosale m'boma la Neno. Maperesenti 3 aja anampatsadi. Koma sanakwane. Pa mndandanda umene Cara analipo sipanadutse munthu, ndipo amene analowa chaka chimenecho ndi Esther Vergeer ndi Rick Draney, a gawo la osewera ali panjinga za olumala. Mu 2024 dzina lake linabwera kachitatu, ndipo amene anadutsa ndi Leander Paes, mnzake uja anatenga naye zikho zitatu. Pa mndandanda wa 2025, umene unalowetsa Maria Sharapova ndi mapasa a kwa Bryan, dzina la Cara panalibe.

Ndisanamizire munthu. Paes sanabere. Ali ndi zikho zikuluzikulu 18 ndi mendulo ya Olympics ya mu 1996 imene anaipata akusewera yekha. Vergeer nayenso ndi chilombo, anatha zaka pafupifupi khumi osagonja ndi kamodzi komwe. Ndipo ndikumvetsa chifukwa chimene eni nyumba safuna kusiya makiyi m'manja mwa ochemerera okha: zikanatero ndiye kuti wochokera dziko la anthu ambiri ndi mafoni ambiri akanamalowa chaka chilichonse, ife a maiko ang'onoang'ono n'kumangoyang'ana. Amene munavoterapo oimba pa mipikisano ya pa wailesi mukudziwa kuti nthawi zambiri amapambana ndi amene ali ndi achibale odziwa kugula mayunitsi.

Koma mlandu wa Cara si wa achibale ndi mayunitsi. Manambala ake ali poyera. Chimene chinamugwetsa, m'kuona kwanga, ndi matenda akale a masewerawa, oyesa wosewera awiriawiri ngati munthu wa theka. Posewera yekha Cara anafika pa nambala 31 basi, mu 1999, ndipo akuluakulu ambiri akaona pamenepo amatseka buku. Chonsecho kusewera awiriawiri ndi luso lakelake. Umaima pafupi ndi ukonde, mpira ukubwera ngati mwala wa legeni, ndipo uyenera kudziwa kumene mnzako ali kumbuyoko osacheuka. Cara, munthu wamfupi pakati pa zimphona, ankadziwika ndi manja achangu pa ukonde pomwepo. Ndipo onani kuti anapambana ndi Stubbs, anapambana ndi Huber, ndi Wayne, ndi Paes, mpaka mu 2014, atabereka kale mwana, anatenga chikho chotsekera chaka cha WTA ali ndi Sania Mirza. Anzake ankasintha, iye osasintha. Inu a geni, mukaona munthu amene aliyense wochita naye bizinesi amapindula, mumati mwayi uli ndi anzakewo kapena ndi iyeyo?

Chachiwiri n'chakuti mbiri imafuna oiimbira ng'oma. Katswiri wa ku America, ku Spain kapena ku Australia ali ndi atolankhani akwao amene anamutsata moyo wake wonse, ndipo ena mwa iwo ndi omwe amavotawo. Wa kuno kumwera kwa Africa amadalira kuti alendo amukumbukire. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo pamphuno pa akuluakulu a ku Newport sipakhala Harare.

Pakhonde paja panalinso mnyamata wina wa ku koleji, mnzathu wa m'minibasi, amene anamvetsera zonsezi akupukusa mutu. Mafunso ake ndinawazindikira, chifukwa nanenso ndinali nao otero ndisanasiyire panjira maphunziro a ukachenjede.

"Koma agogo," anatero, "inu zaka 30 mukusesa bwalo limene simunaloledwe kuseweramo, lero mukugulitsa nkhuku kuti mwana wa mzungu alemekezedwe ku America? Inuyo dzina lanu lidzalowa nyumba iti?"

Funso limeneli si lopusa, ndipo ophunzira amene mukuwerenga musachite nalo manyazi. N'zoona kuti Cara anakulira pakhomo pamene panali malo, madzi othirira kapinga, ndi nthawi yosewera, zinthu zimene mwana wa ku Mbare kapena wa pa Chifunga analibe. N'zoonanso kuti mayadi ndi mafamu ambiri a dziko lija anakongola ndi thukuta la Amalawi, amene ambiri anabwerako ndi sutikesi imodzi, ena osabwerako n'komwe.

Madala aja sanakwiye. Anati: "Mdzukulu wanga, za ine usadandaule, mizere yanga inali yoongoka ndipo ndikudziwa ndekha. Koma ana aja akanatha kuthawira ku England kapena ku America n'kumasewerera mbendera za eni, monga anachitira ena. Iwo ai. Kulikonse ankalembedwa kuti Zimbabwe. Tsiku lija ku City Sports Centre tonse tinaimirira pamodzi, Mshona, Mndebele, ife Manyasalandi, ndi mabwana omwe. Ine chinthu chotero ndinachiona kamodzi kokha."

Mnyamata uja sanagonje, ndipo anatsutsanabe mpaka sipeya inafika pa minibasi ina. Ine ndili pakati, koma ndapendekera kwa madala. Mnzake uja Huber, wobadwira ku Durban, anatenga unzika wa America mu 2007, ndipo palibe amene angamudzudzule. Cara anatsala ndi mbendera yake m'zaka zomwe zija ndalama ya Zimbabwe inkasanduka mapepala, zaka zimene inu a geni munkanyamula sopo ndi shuga kupita nazo uko m'malo mokaoda. Amene anamuvotera ambiri ankabweza ngongole imeneyo, ndipo sindiona chifukwa chowauzira kuti anataya bandulo pachabe. Chimene ndikukana ine ndi kuitana anthu kuti bwerani mudzavote, iwo n'kubwera mwaunyinji, n'kunena momveka, kenako n'kuwauza kuti mau ao onse ndi maperesenti 3. Ngati eni nyumba akuopa gulu, achotse kazenerako tidziwe kuti ndi zao. Ngati akufunadi kumva ochemerera, ndiye munthu wa zikho zikuluzikulu 10 amene wapambananso voti ya anthu asamabwerere pakhomo.

Miyezi ingapo yapitayo ndinadutsanso pa Chifunga popita ku Mwanza kukafuna manachesi a mlamu wanga amene amagulitsa mu Limbe. Ulendo uno ndinatsika dala. Madala aja ndinawapeza pakhonde lomwe lija, maso atayamba kuchita khungu, koma anandizindikira mau.

"Ndiwe wa minibasi yopanda sipeya uja? Tandiuza, mtsikana uja analowa?"

Ndinawafotokozera zonse, za Paes, za Sharapova, mpaka za Roger Federer amene anasankhidwa chakumapeto kwa 2025 dzina lake litangooneka koyamba. Anakhala chete kanthawi, akusisita bondo.

"Federer yekhayo ndiye alowe, mayi ake ndi a konkuno ku South Africa," anatero. Kenako anaitana mdzukulu uja kuseri kwa golosale. "Iwe, uzionaonatu pafonipo. Akadzalibwezeretsa dzina lija undiuze msanga, nkhuku ya mawanga ija usaiphe."