Mbalame, minga ndi kanjere: momwe thundu amabwerera m'minda ya ku England

M'chaka cha 1961, akatswiri a zachilengedwe ku England anachita chinthu chomwe mlimi aliyense akanachitcha ulesi. Pafupi ndi nkhalango ya Monks Wood, m'dera la Cambridgeshire, panali munda wa mahekitala pafupifupi 4. Atakololamo balere komaliza, anangousiya. Sanabzalemo kanthu, sanaupalire, sanauthire feteleza. Mu 1996 anasiyanso munda wina woyandikana nawo.

Mu 2021, gulu lotsogozedwa ndi Richard Broughton wa ku UK Centre for Ecology & Hydrology linafalitsa zomwe linapeza litawerenga mitengo ya m'minda iwiriyo. Munda wakale uja unali utasanduka nkhalango yeniyeni, ndipo m'minda yonse iwiri mitengo yoposa theka inali ya oak, mtengo womwe owerenga Baibulo amaudziwa ndi dzina loti thundu. Chodabwitsa n'chakuti njere ya thundu ndi yolemera, siuluka ndi mphepo. Ikagwa imakhala pomwepo patsinde pa mayi wake. Nanga inafika bwanji pakati pa munda?

Akatswiriwo akuti ntchito yaikulu inagwiridwa ndi mbalame yotchedwa jay, ya mtundu wa akhwangwala, pothandizidwa ndi agologolo komanso mbewa. Nyengo ya chisanu ikamayandikira, mbalame imodzi imakwirira njere masauzande, imodziimodzi, malo osiyanasiyana, ngati nkhokwe yake. Zina imadzafukula n'kudya, zina imaziiwala. Zoiwalikazo ndiye mitengo ya mawa.

Njere yosadziwa kudikira

Njere ya thundu, yomwe Angerezi amaitcha acorn, ndi yotalika masentimita awiri kapena atatu, yosalala, ndipo imavala kachisoti kokhakhala kumutu. Ikamapsa, mu Seputembala ndi Okutobala, imasintha kuchoka kobiriwira n'kukhala yofiirira, ndipo imavula kachisoti kaja mosavuta.

Khalidwe lake limasiyana kwambiri ndi la chimanga kapena nyemba. Chimanga timayanika kuti chisungike. Njere ya thundu ukaiyanika waipha, chifukwa kamwana kamtengo kali mkatimo kakupuma ndipo kamafuna chinyezi nthawi zonse. N'chifukwa chake ngakhale Millennium Seed Bank ya ku Wakehurst, nkhokwe yaikulu yomwe imaumitsa mbewu zakutchire n'kuzisunga pa madigiri 20 kunsi kwa ziro, singasunge njerezi mwanjira imeneyo. Aliyense amene anayesapo kusunga nthanga za masuku, mango kapena mapeyala kuti adzabzale chaka chamawa akudziwa zimenezi: zimafa zili m'thumba.

Choncho mlimi wa ku England amatola njere zikangogwa, ndipo asanachite china chilichonse amazikhuthulira mundowa ya madzi. Zomira ndi zamoyo. Zoyandama nthawi zambiri zimakhala zouma kapena zofumbwa. Ukatenga yoyandama n'kuiyang'anitsitsa, kawirikawiri umaona kabowo kozungulira bwino, kangati kobooledwa ndi msomali waung'ono. Kameneko ndi khomo lomwe mphutsi ya nankafumbwe wa thundu inatulukira itadya za mkati. Mayi wa mphutsiyo anaboola njereyo ikadali yanthete mumtengo n'kuikiramo dzira.

Njere zabwino amazibzala nthawi yomweyo, mozigoneka cham'mbali, pakuya masentimita 3 mpaka 5. Ngati sangathe kubzala msanga, amazisunga mumchenga wonyowa kapena m'utuchi pamalo ozizira, koma kwa miyezi yowerengeka chabe.

Muzu patsogolo, masamba pambuyo

Mitundu ya thundu padziko lonse ndi yoposa 400, ndipo dziko la Mexico ndilo lili ndi yambiri. Ku Britain ya makolo ndi iwiri, Quercus robur ndi Quercus petraea. Njere za mitundu imeneyi sizigona. Pakangopita masabata ochepa, kamuzu koyera kamatuluka kunsonga n'kuloza pansi. Pamwamba sipaoneka kalikonse nyengo yonse ya chisanu, mpaka mphukira itatuluka mu Epulo kapena Meyi. Mitundu ya thundu wofiira wa ku North America ndi yosiyana: njere zake zimatenga zaka ziwiri kuti zikhwime mumtengo, ndipo sizimera pokhapokha zitakhala pozizira mwezi umodzi kufika itatu.

Muzu woyambawu umalowa pansi mowongoka ngati chikhomo, ndipo m'chaka choyamba umatalika kuposa kamtengo komwe kali pamwamba. Apa ndi pomwe pagona mkangano wa alimi. Mbande ya kunazale imakhala yotetezeka, koma muzu wake umadulidwa poizula kapena umapindika m'chubu. Njere yobzalidwa m'munda momwemo imakhala ndi muzu wathunthu, wopirira chilala, ndipo siidya ndalama zambiri. Vuto lake n'lakuti kwa mbewa, phando lililonse ndi mbale ya chakudya.

Mtengowu uli ndi njira yake yothanirana ndi odya njere. Subereka mofanana chaka ndi chaka. Pakapita zaka zingapo, mitengo ya dera lonse imabereka mowirikiza nthawi imodzi, monga zinachitikira ku Britain mu 2020. Mbewa, agologolo ndi nkhunda zakutchire zimadya mpaka kukhuta, zotsala n'kumera. Alimi ochenjera amadikira chaka chotero kuti atole mbewu yambiri.

Munda si nkhalango

Nthaka yomwe yakhala ikulimidwa ndi kuthiridwa feteleza imaoneka ngati yabwino kwa mtengo, koma chonde chomwecho chimadyetsa udzu, ndipo udzu umalanda madzi kamtengo kasanazike. Langizo lomwe alimi amapatsidwa ndi kupalira kapena kuphimbira bwalo la mita imodzi kuzungulira kamtengo kwa zaka zitatu zoyamba. Mmera mpoyamba.

Pansi pa nthaka palinso nkhani ina. Mizu ya thundu imakhala pa ubale ndi mitundu ina ya bowa yomwe imakuta timizu ting'onoting'ono. Bowayo amasakira mtengo madzi ndi michere, mtengo n'kumulipira ndi shuga. M'munda wolimidwa zaka zambiri bowa wotere amakhala wochepa, makamaka kutali ndi mitengo yakale. Mitengo yathu ya m'nkhalango za miombo, monga tsamba, mombo ndi msuku, ili ndi ubale womwewu, ndipo n'chifukwa chake bowa wambiri wodya timamuzula pansi pake, osati pakati pa munda wa chimanga.

Kenako pali akalulu ndi agwape, omwe amakonda nsonga yanthete. Mu 1979, katswiri wa zankhalango Graham Tuley anayambitsa machubu a pulasitiki oveka timitengo, ndipo lero amaoneka m'minda yambiri ya ku Britain, aafupi otchinga akalulu, aatali mita 1.2 kapena kuposa otchinga agwape. Ku Monks Wood kunalibe chubu ngakhale chimodzi. Ntchitoyo inagwiridwa ndi zitsamba zaminga zomwe zinayamba kumera m'mundamo. Timitengo tinakulira mkati mwa minga, momwe gwape sangalowetse mphuno, mpaka titapitirira msinkhu woti n'kudyedwa. Tchire lomwe mlimi amathamangira kutchetcha ndilo linali mlezi.

Woweta ziweto ali ndi chenjezo lake. Njere ndi masamba anthete a thundu zili ndi mankhwala owawa otchedwa tannin, omwe amaononga impso za ng'ombe, nkhosa ndi akavalo zikadya zambiri. Nkhumba sizivutika nazo. Ku New Forest, kumwera kwa England, amatsekulira nkhumba masiku osachepera 60 chaka chilichonse kuti zitole njerezo mahatchi asanazidye, ndipo ku Spain nkhumba zakuda zimanenepera njere zomwezi m'minda ya msipu yodzala ndi thundu.

Wobzala sadya

Ku England thundu amayamba kubereka bwino ali ndi zaka pafupifupi 40, ndipo matabwa abwino amafuna zaka zoposa 100. Ku Portugal, komwe kumachokera pafupifupi theka la makungwa opangira zitsekerero za mabotolo a vinyo padziko lonse, mlimi amadikira zaka 25 asanasende koyamba mtundu wa thundu womwe umapereka makungwawo, kenako amasenda pakapita zaka 9 zilizonse. Cuthbert Collingwood, mkulu wa asilikali a pamadzi yemwe anamenya nawo nkhondo ya Trafalgar mu 1805, amakumbukiridwa poyenda ndi njere m'thumba n'kumazikwirira m'mbali mwa minda, kuti dziko lake lisadzasowe matabwa a zombo. Mitengoyo isanakhwime, zombo zinayamba kupangidwa ndi chitsulo. Koma siinapite pachabe: kafukufuku wa mu 2019 anapeza kuti zamoyo za mitundu 2,300 ku Britain zimapeza chakudya kapena pokhala pa thundu, ndipo 326 mwa izo sizingakhale popanda iye.

Amene ali ku South Africa akhoza kuiona mitengoyi m'misewu ya Stellenbosch, tauni yomwe Simon van der Stel anakhazikitsa mu 1679. Koma thundu wa ku England ndi mtengo wa kozizira, ndipo phunziro la Monks Wood silikuti tikasake njere zake. Kuno ku Malawi nyengo yobzala mitengo imatsekulidwa pa 15 Disembala chaka chilichonse, makasu ndi nyimbo zili pamwamba. Tsiku limenelo ndi lopepuka, ngakhale mbalame imatha kukwirira njere. Ntchito yeniyeni imayamba mu Ogasiti, msipu utauma, mbuzi zitamasulidwa ndipo moto ukuyenda m'tchire. Kamsuku kapena kamsangu komwe kadzimerera kokha m'mphepete mwa munda kali kale ndi muzu wathunthu ndi bowa wake. Chomwe kakusowa ndi munthu woti akazungulize nthambi zaminga.