Chifukwa chake madzi a pa mjigo amafiira mu ndowa

LUNDAZI: Madzi otuluka pa mjigo ali oyera, kenako n'kufiira atakhala mu ndowa, amachititsa mabanja ena m'midzi ya m'boma la Lundazi kubwerera ku zitsime zosatetezedwa za kudambo. Komatu kufiirako nthawi zambiri sikusonyeza poizoni, koma chitsulo chosungunuka m'madzi.

Pansi pa nthaka, pamene mpweya wa okosijeni uli wochepa, chitsulo chochokera m'miyala kapena m'mapaipi a mjigo chimasungunuka ndipo sichioneka. Madziwo akakumana ndi mpweya, chitsulocho chimasanduka dzimbiri n'kudikha pansi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti chitsulo chikapitirira mamiligalamu 0.3 pa lita imodzi, madzi amayamba kuthimbiriritsa zovala.

Zitsulo siziyenda zokha m'madzi. Zimagwirana ndi zinthu zina monga mchere wosungunuka kapena zotsalira za masamba owola, ndipo kugwirana ndi kulekana kumeneku kumachitika mosalekeza mpaka mbali ziwirizo zitalingana. Asidi kapena mpweya ukasintha, mlingowo umapendekera mbali imodzi. N'chifukwa chake madzi a m'madambo othira mumtsinje wa Lundazi amatha kukhala ofiirira ngati tiyi masiku ambiri: zowola za udzu zimagwira chitsulo, osachilola kudikha.

Asidi akachuluka, zitsulo zimamasuka, ndipo zina monga mkuwa zimaopsa kwambiri zikakhala zomasuka. Dziko linaona zimenezi pa 18 February 2025, pamene damu la zinyalala za mgodi wa Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linaphulika. Madzi a asidi analowa mumtsinje wa Kafue, nsomba zinafa, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Boma linathira laimu mumtsinjemo pofuna kuchepetsa asidi kuti zitsulo zidikhe.

Pakhomo, njira yake ndi yosavuta. Madzi a pa mjigo atsanulidwe kangapo kuchoka mu ndowa ina kupita mu inzake kuti alowe mpweya, asiyidwe usiku wonse, kenako asefedwe ndi nsalu yoyera. Izi zimachepetsa chitsulo koma sizipha tizilombo, choncho madzi akumwa aphitsidwe kapena athiridwe klorini. Madzi ofiira a pa mjigo amawononga maonekedwe a nsima ndi zovala, pamene a pachitsime chosatetezedwa angabweretse kolera pabanja.