Kukhoma Bokosi la Sabuwufa Losataya Mpweya

Aliyense amene anayendapo m'Ndirande kapena m'Bangwe Loweruka masana akukudziwa kugunda kuja kumene kumamveka m'chifuwa munthu asanaone kumene kukuchokera. Paukwati, pachinkhoswe, ngakhale pamsonkhano wa makwaya a achinyamata, pamakhala chibokosi chakuda chimene anyamata amachitcha sabuwufa. Mabokosi ambiri otere amakhomedwa konkuno, m'mashedi a akalipentala a m'mbali mwa msewu, ndipo ena amakhomedwa kuseri kwa nyumba zathu ndi ana athu omwe. Makolofe timangoona utuchi pakhonde ndi kumva kuti ndalama zonse za ganyu zathera ku sipika. Taganiza zoifotokoza ntchitoyi, pakuti mwana akailakwitsa, ndalama zija zimapsa sabata isanathe.

Kodi bokosilo n'lachiyani? Sipika ili ndi nkhope yonga mbale, imene koyilo ya waya yokhala pakati pa maginito imaikankhira kutsogolo ndi kuibweza m'mbuyo. Nkhopeyo ikakankha mpweya kutsogolo, kumbuyo kwake imaukoka. Tsono mawu okhuthala aja timati besi amayenda m'mafunde aatali ndithu: liwu lonjenjemera ka 40 pa sekondi lili ndi funde la mamita pafupifupi 8.5. Sipika ikakhala pamtetete, mpweya wa kutsogolo umangozungulira m'mphepete n'kukadzaza malo a kumbuyo, besi n'kufera pomwepo. Ntchito ya bokosi ndiyo kulekanitsa mipweya iwiriyi. Achikulire anazitulukira izi popanda buku. Ambirife tikukumbuka kumudzi sipika ya wailesi itavundikiridwa pakamwa pa mtsuko, mawu ake n'kumamveka ngati a ng'oma yaikulu.

M'chaka cha 1954, Edgar Villchur wa ku America anaonetsa kuti mpweya wotsekeredwa m'bokosi laling'ono umaigwira nkhope ya sipika ndi kuibweza pamalo pake, monga umachitira mpweya wa m'tayala la njinga. Pambuyo pake Neville Thiele wa ku Australia, m'chaka cha 1961, ndi Richard Small, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, anakonza masamu opezera kukula kwa bokosi loyenera sipika iliyonse. N'chifukwa chake sipika yabwino imabwera ndi pepala lonena malita a bokosi lake. Pepala limenelo lisatayidwe pamodzi ndi katoni. Ngati palibe, dziwani kuti masipika ambiri a mainchesi 12 amakhala bwino m'bokosi lotsekeka la malita apakati pa 30 ndi 45. Kuwerenga kwake n'kwa ku pulayimale: yezani mkati mwa bokosi m'masentimita, muchulukitse utali, mulifupi ndi msinkhu, mugawe ndi 1,000. Bokosi la 40 ndi 35 ndi 30 limapereka malita 42.

Ulipo mtundu wina wa bokosi, wokhala ndi paipi yotulutsa mpweya. Limenelo limafuula koposa, koma paipi yake imafuna masamu enieni, ndipo ikalakwika besi imangodudumira mopanda nyimbo. Ife tikuti woyamba kumene ayambe ndi lotsekeka.

Thabwa likhale lokhuthala mamilimita 18, la MDF kapena pulayiwudi yabwino. Thabwa lopyapyala limanjenjemera, nilidya mphamvu imene ikanakhala mawu. MDF imadulika bwino koma imadana ndi chinyontho: ikanyowa m'dzinja imafufuma ngati buledi, choncho ipakidwe penti ndipo isakhale pansi ponyowa. Fumbi lake si labwino m'mapapo. Podula mangani kansalu pamphuno. Amene alibe macheka owongoka asachite manyazi kupita kwa mmisiri kuti amdulire, pakuti mbali yokhota siitsekeka ngakhale muithirire guluu wochuluka motani.

Apa ndiye pagona ntchito yonse. Misomali payokha siitseka mpweya, ndipo kugunda kwa besi kumaizula pang'onopang'ono. Chogwira bokosi ndi guluu wa matabwa, wopakidwa mzere wonse wa polumikizira mosadumpha, kufikira atafinyikira kunja pomanga masikuluwu. Yambani mwaboola timabowo ta masikuluwuwo kuti thabwa lisang'ambike. Pakati pa mbali ziwiri zazikulu pingasani kathabwa kozigwira. Guluu akauma, pitani mkati ndi silikoni, mumate ngodya zonse ndi chala. Amene alibe silikoni asakanize utuchi wosalala ndi guluu, phala limenelo limagwira ntchito yomweyo. Silikoni wina amatulutsa fungo la viniga pouma, ndipo nthunzi yakeyo siikomera sipika, choncho bokosi likhale chotsegula tsiku lathunthu. Anyamata apa ndi pamene amalephera, poti mtima uli kale ku nyimbo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Malo awiri amaiwalika kawirikawiri. Oyamba ndi kabowo kotulukira mawaya, kamene kayenera kumatidwa mkati ndi kunja komwe. Achiwiri ndi pamene mkombero wa sipika ukhudza thabwa. Pamenepo yalani kalamba ka thonje la siponji kapena ka chubu chakale cha njinga, ndipo masikuluwu mumange mopingasa, pang'onopang'ono, monga amangira tayala la galimoto. Mkati mukhoza kuikamo thonje la m'mapilo, mosapanikiza.

Taonapo mabokosi okutidwa ndi kapeti wokongola, a ngodya zachitsulo zonyezimira, amene mkati mwake mukuoneka kuwala kwa dzuwa. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Bokosi lotere limalira likhweru pa mng'alu, besi yake imachepa, ndipo mwini wake amakweza ampulifaya kufikira mawu atasweka. Posakhalitsa kumveka fungo la koyilo yakupsa, ndipo mlandu umagwera wogulitsa sipika.

Kuyesa kwake sikulira ndalama. Sipika ili chozimitsa, ikani zala mozungulira pakati pa nkhope yake, mukankhe pang'ono mofanana. M'bokosi lotsekeka bwino nkhopeyo imalimba, ngati mukukankha mpira wopopa. Kenaka ikani nyimbo ya besi, muyendetse kandulo yoyaka m'mbali mwa zolumikizira zonse, kapeti musanaike. Pamene lawi livina, pamenepo pali mng'alu.

Bokosi likatha, liikeni pafupi ndi ngodya ya chipinda. Makoma amawonjezera besi popanda kukweza ampulifaya. Koma makoma omwewo saiimitsa, ndipo m'Zingwangwa kapena m'Chilomoni, mmene nyumba zili zogundana, imakafika kwa mnansi wodwala ndi kwa khanda logona. Makutu a mwini wake nawonso ali ndi malire. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, limati munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera phokoso la madesibelo 80, ndipo phokoso likakwera maolawo amachepa msanga. Ngati mufunika kufuula kuti mnzanu woima pafupi akumveni, kapena m'makutu mukulira nyimbo zitatha, muyeso umenewo mwaupyola kale.