Mlangizi wa chithandizo choyamba: ntchito yake ili m'manja mwa ena

Mtima wa munthu ukasiya kugunda, ubongo umayamba kuwonongeka pakangopita mphindi 4 mpaka 6. Nthawi zambiri ambulansi sikhala itafika pa nthawi yochepayi, ngakhale m'mizinda ya mayiko olemera. Amene amakhala pafupi ndi mnzake wa kuntchito, kondakitala wa minibasi, kapena mzamba amene watsala yekha m'wodi usiku. Kupulumuka kwa wodwalayo kumadalira zimene manja a anthu amenewa anazolowera kuchita. Ndiye funso lofunika n'lakuti, kodi anawaphunzitsa ndani, nanga iyeyo anaphunzitsidwa bwanji?

Njira yotsitsimutsa munthu imene achipatala amaitcha CPR si yakale kwambiri. Mu 1960 akatswiri a pa chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore, William Kouwenhoven, James Jude ndi Guy Knickerbocker, anaonetsa kuti kudinikiza pachifuwa mobwerezabwereza kumayendetsa magazi ngakhale mtima utaima. Peter Safar ndi James Elam anali atatsimikizira kale kuti mpweya wouzira m'kamwa umakwanira kusunga moyo. Vuto linatsala pa kaphunzitsidwe, chifukwa munthu wamoyo sungamudinikize pachifuwa mwamphamvu pongoyeserera. Anathetsa vutoli ndi Asmund Laerdal wa ku Stavanger m'dziko la Norway, amene ankapanga zidole za ana. Chidole chake chachikulu ngati munthu, Resusci Anne, chinatuluka chaka chomwecho, ndipo mpaka lero zidole zotere ndiye chida chachikulu cha mlangizi.

Malamulo ake ndi ochepa. Kwa munthu wamkulu, dinikizani pakati pa chifuwa ka 30, uzirani mpweya kawiri, bwerezani. Chifuwa chizilowa masentimita 5 mpaka 6, ndipo liwiro likhale ka 100 mpaka 120 pa mphindi. Aliyense angaloweze zimenezi asanamalize kapu ya tiyi. Koma muikeni pa chidole muone. Wina amapinda zigongono n'kumagwiritsa ntchito mphamvu ya mikono yokha, ndipo amatopa msanga. Wina amaopa kuthyola nthiti, ndiye amangosisita pamwamba. Wina amadinikiza bwino koma amatsamira pachifuwa osachilola kubwerera, motero mtima sudzadzanso magazi. Pouzira mpweya ambiri amaiwala kupendeketsa mutu ndi kukweza chibwano, ndipo chifuwa sichikwera n'komwe. Wolakwitsayo sadziwa kuti akulakwitsa. Luso loyamba la mlangizi ndi maso: kuona zonsezi mwa munthu mmodzi pa masekondi ochepa, ali ndi ena asanu amene akudikira.

N'chifukwa chake mabungwe okhazikika satenga aliyense wodziwa CPR n'kumupatsa kalasi. Ku Britain, bungwe la Resuscitation Council UK limayamba lasankha ophunzira amene aonetsa kuti angathe kuphunzitsa. Amenewa amalowa maphunziro apadera okhudza kaphunzitsidwe, kenako amaphunzitsa anthu enieni alangizi odziwa ntchito akuwayang'anira, asanavomerezedwe kukhala alangizi okwanira. Dokotala waluso pa wodwala angathe kukhala mphunzitsi wolephera, makamaka ngati amakonda kulankhula kuposa kuonerera.

Mwa zimene alangizi atsopano amaphunzira muli njira ya magawo anayi imene anaifalitsa dokotala wa opaleshoni Rodney Peyton mu 1998. Poyamba mlangizi amachita zonse pa liwiro lenileni, osalankhula. Kachiwiri amabwereza pang'onopang'ono akufotokoza. Kachitatu wophunzira ndiye amanena chochita, mlangizi n'kumatsatira. Pomaliza wophunzirayo amachita yekha. Gawo lachitatu ndi limene ndimaliona lanzeru kwambiri, chifukwa pamene munthu sanamvetse pamaonekera manja ake asanazolowere cholakwika. Ndi gawonso limene mlangizi wothamangira nthawi amalidumpha.

Kukonza cholakwa nakonso kumaphunziridwa. Mayi wamkulu amene wagwira ntchito ya uzamba zaka zambiri akadzudzulidwa pamaso pa anamwino achichepere, sadzakhudzanso chidolecho. Mlangizi wabwino amayamba wafunsa kuti, “Mwaona kuti zayenda bwanji, amayi?” Kenako amatchula chinthu chimodzi chooneka, monga zigongono zopindika, n'kupempha kuti abwereze nthawi yomweyo. Kungonena kuti “mwachita bwino” pofuna kusangalatsa munthu n'kumulakwira, ndiponso n'kulakwira wodwala amene adzakumane naye.

Kwathu kuno mlangizi amapezanso anthu ali kale ndi chithandizo chawo choyamba. Wodwala khunyu akagwa, ena amamulowetsa supuni m'kamwa, ena amathawa poopa malovu. Mwana akapsa ndi phala amapakidwa dzira kapena mankhwala otsukira mano. Ochita izi amachita chifukwa cha chikondi, choncho kuwaseka sikuthandiza. Ayenera kumva chifukwa chake: khunyu silipatsirana, munthu sangameze lilime lake, supuni imangothyola mano, ndipo bala la moto limafuna madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20. Asodzi a m'mbali mwa nyanja ayenera kudziwa kuti womira amasowa mpweya choyamba, ndiye kumuuzira mpweya sikungasiyidwe. Anthu odzipereka a Malawi Red Cross Society ndi St John amakumana ndi nkhani zoterezi akamaphunzitsa m'midzi ndi m'masukulu.

Koma chovuta kuposa zonse n'chakuti manja amaiwala. Kafukufuku wambiri wapeza kuti luso la CPR limayamba kuchepa pakangotha miyezi yochepa, pamene satifiketi imakhala ikugwirabe ntchito. Zimene zinachitika pa chipatala cha Haydom, kumpoto kwa Tanzania, zimaonetsa bwino zimenezi. Kumeneko azamba anaphunzira Helping Babies Breathe, ndondomeko imene bungwe la American Academy of Pediatrics ndi anzake anakhazikitsa mu 2010, ndipo inafikanso m'zipatala za m'Malawi. Imaphunzitsa kuti khanda lobadwa losapuma lipukutidwe, lisisitidwe kumsana, ndipo likapanda kulira liyambe kupopedwa mpweya ndi chida chotchedwa ambu bag mphindi yoyamba isanathe. Ophunzira amagwiritsa ntchito kachidole kotchedwa NeoNatalie, kamene amakadzaza madzi kuti kalemere ngati khanda lenileni.

Atatha maphunziro a tsiku limodzi, azamba a ku Haydom ankakhoza bwino pa chidole, ngakhale patapita miyezi. Koma ofufuza ataona zochitika m'chipinda chochilira anapeza kuti chisamaliro cha makanda osapuma sichinapite patsogolo. Mu 2011 chipatalacho chinasintha njira. Kachidole kanaikidwa m'wodi momwemo, azamba ena anasankhidwa kukhala alangizi a anzawo, ndipo aliyense ankayeserera kwa mphindi zochepa, pafupipafupi. Makanda omwalira pasanathe maola 24 anatsika kuchoka pa 11 kufika pa 7 mwa 1,000 alionse obadwa. Chipatala chinali chomwecho, zida zomwezo, mfundo zomwezo. Chinasintha ndi kuchuluka kwa nthawi imene manja a azamba ankagwira ambu bag, pali wina wowaona ndi kuwakonza.

Ndikaganizira zimenezi, ndimadandaula ndi chizolowezi chathu chotengera ogwira ntchito ku malo ogona alendo kwa masiku atatu, n'kubwerako ndi satifiketi, chidole n'kukachitsekera ku sitolo poopa kuti chiwonongeka. Mkulu wa chipatala, wa sukulu kapena wa fakitale amene walipira maphunziro otere afunse zinthu ziwiri asanasaine: ndani mwa antchito ake amene aphunzitsidwe kukhala mlangizi wa anzake, nanga chidolecho chizikhala pa tebulo liti kuti azichigwira mlungu uliwonse.