CHENJERANI NDI MTOBVU M'ZIWETO ZANU

Alimi anzanga a ku Mulanje, pali poizoni wina wosanunkha amene amalowa m'nyama, m'mazira ndi m'nsomba zimene timadya. Dzina lache ndi mtobvu. Umapezeka m'mabatire a galimoto ndi a sola, ndiponso m'penti yakale ya m'zitseko.

Tamvani za ku Kabwe, m'dziko la Zambia. Kumeneko kunali mgodi wa mtobvu umene unatsekedwa mu 1994, atakumba zaka pafupifupi 90. Pfumbi lache lidakali m'dothi. Akatswiri atapima nkhuku zoyendayenda pafupi ndi mgodiwo, anapeza mtobvu wambiri m'chiwindi ndi m'impso. Anaupezanso m'ng'ombe, ndipo ana ambiri kumeneko ali nawo m'magazi. Ku Zamfara, m'dziko la Nigeria, ana okwana 400 anafa mu 2010 ndi pfumbi la mtobvu lochokera ku miyala ya golide imene ankaphwanyira pakhomo.

Kapena mudzati, "Kwathu kuno kulibe mgodi wotere." Nzoona. Koma batire lophwanyika kuseri kwa nyumba limachita zomwezo. Thole limakonda kulinyambita. Nkhuku imatola tizidutswa tache pamodzi ndi timiyala. Ndipo mvula yathu ya ku Mulanje mukuidziwa: imakokolera zotsala ku dziwe la nsomba.

Thole lodya mtobvu limachita khungu, limakukuta mano, limadzandira, ndipo kawirikawiri limafa. Nkhuku ikhoza kuoneka yamoyo bwinobwino, koma mazira ache ali ndi poizoni. Kuphika kapena kuwamba sikuchotsa mtobvu. Mwana akamaudya pang'onopang'ono saoneka wodwala, koma nzeru zache zimachepa ndipo amabvutika kusukulu. Mai wapakati amapatsira khanda m'mimba.

Tsono chitani izi. Musaphwanye kapena kuotcha batire lakutha. Lisungeni pamalo otseka kufikira mutaligulitsa lathunthu kwa ogula zitsulo. Musamwetsere ziweto m'chitini cha penti. Musataye zinyalala kumtunda kwa dziwe. Chiweto chikafa modabwitsa, musachidye, ndiponso musapite nacho ku msika wa Chitakale kapena wa Limbuli, pakuti wogulayo nayenso ali ndi ana. Itanani Mlangizi wa ziweto adzachione.

Mafumu, lalikirani mau awa pa bwalo. Wakutsina khutu ndi mnansi.