KUCHEPETSA THUPI: MUSAFULUMIRE, AMAYI

Mu sewero lija tidamva za mayi amene adauzidwa kuchipatala kuti magazi ake akuthamanga ndipo achepetse thupi. Iye adasiya kudya nsima, nagula tiyi woondetsa pamsika. Patatha sabata ziwiri adagwa ndi chizungulire ali kudimba, mwana ali kumsana. Cholinga chake chidali chabwino, koma njira yake idali yolakwika.

Kodi kunenepa ndi vuto?

Kwathu kuno mayi wonenepa timati akusungidwa bwino. Koma kunenepa kwambiri kumabweretsa matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kupweteka kwa mawondo. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 adapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 m'Malawi muno, 21 adali onenepa kupyola muyeso.

Kodi thupi litsike bwanji?

Litsike ndi theka la kilogalamu, osapitirira kilogalamu imodzi, pa sabata. Mayi wolemera makilogalamu 80 akatsitsa makilogalamu 4 okha, shuga ndi magazi zimayamba kukhala bwino. Zimenezi zingatenge miyezi iwiri. Wotsika mofulumira amataya madzi ndi minofu, amafooka, ndipo akayambanso kudya thupi limabwerera. Mankhwala ambiri oondetsa amangotsegula m'mimba, mafuta osachoka.

Zoyenera kuchita

1. Musadzimane chakudya. Idyani katatu pa tsiku kuchokera m'magulu onse asanu ndi limodzi a zakudya.
2. Chepetsani mitanda ya nsima. Ngati mumadya itatu, idyani iwiri, makamaka ya mgaiwa. Chulukitsani nkhwani, bonongwe, mpiru, nyemba ndi usipa.
3. Chepetsani shuga mu tiyi, mafuta ndi mchere m'ndiwo, mandasi, chipisi ndi zakumwa zotsekemera za m'mabotolo. Imwani madzi abwino.
4. Yendani ndawala mphindi 30, masiku asanu pa sabata. Ngati msika wa Mitundu kapena wa Nathenje uli pafupi, pitani wapansi m'malo mokwera kabaza. Kulima ndi kuvina chimtali kumathandizanso.

Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa

Mayi woyembekezera asayese kuchepetsa thupi. Wobereka kumene adikire masabata asanu ndi limodzi, ndipo ayambe wafunsa anamwino, makamaka ngati adachira ndi opareshoni. Woyamwitsa asapitirire theka la kilogalamu pa sabata, chifukwa miyezi isanu ndi umodzi yoyamba mwana amadalira bere lokha.

Nanga anthu akayamba kunena?

Amayi ena amaopa kutsika thupi poti anzawo kumjigo aziti akudwala. Fotokozerani amuna anu ndi apongozi zimene achipatala anena, kuti akuthandizeni. Koma ngati mukuonda musakufuna, kapena mukutsokomola, kutuluka thukuta usiku, kapena kumva ludzu ndi kukodza pafupipafupi, pitani msanga mukayezetse chifuwa chachikulu, HIV ndi shuga.

Kumbukirani: mukapita ndi mwana kusikelo ku Mitundu kapena ku Nathenje, pemphani alangizi a zaumoyo akuyezeni inunso, ndipo alembe m'buku lanu lachipatala mwezi ndi mwezi.